Masiku a tchuthi cha boma: timapumiranji, nanga wogwira ntchito tsikulo alandire zingati?

Funso: Ndine mayi wa ku Luchenza, m'boma la Thyolo. Bambo a kunyumba amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Mwana wathu wa Fomu 2 anandifunsa chifukwa chake iye sapita kusukulu pa 15 Januwale ndi pa 3 Malichi pamene bambo ake amalawirira kuntchito masiku omwewo, ine n'kusowa chomuyankha. Kodi masiku a tchuthi cha boma alipo angati, amatanthauza chiyani, ndipo malamulo amati chiyani munthu akagwira ntchito pa tsiku lotero?

Yankho: Mayi, mwanayo wafunsa bwino, ndipo masiku awiri amene watchulawo ndi amene akukhudza kwanuko kuposa ena onse. Nkhani zake zinayambira pa minda ya azungu ndi thangata, ndipo zina zinachitikira m'dera lomwelo limene bambowo amathyola tiyi.

Masiku a tchuthi cha boma pa chaka alipo 12. Asanu ndi anayi ali ndi deti losasintha: 1 Januwale, chaka chatsopano, 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, 3 Malichi, tsiku la anthu ofera dziko, 1 Meyi, tsiku la apantchito, 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, 6 Julayi, tsiku la ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kenaka 25 ndi 26 Disembala, Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake. Atatu otsalawo amasuntha chaka ndi chaka, omwe ndi Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, ndi Eid al-Fitr ya Asilamu. Tsiku la tchuthi likagwa Loweruka kapena Lamulungu, boma limalengeza kuti anthu apume Lolemba lotsatira.

Mukawerenga bwino muona kuti masiku asanu ndi awiri mwa 12 amenewa, kuyambira Khirisimasi mpaka Pasaka, amagwa m'nyengo ya mvula. Imeneyi ndiyo nyengo imene tiyi amaphuka mothamanga, pamene masamba awiri ndi kansonga akachedwa kuthyoledwa amakhwima n'kutsika mtengo, ndipo fakitale imayenda usana ndi usiku. N'chifukwa chake bambowo amanyamula dengu pa tsiku limene mwana wawo akugona mpaka dzuwa kutuluka. Lamulo silikuletsa kugwira ntchito pa tchuthi, koma limanena za malipiro ake, ndipo ndifikako.

John Chilembwe anali m'busa wochokera ku Chiradzulu. Ali mnyamata anagwira ntchito kwa mmishonale wina wotchedwa Joseph Booth, amene anapita naye ku America mu 1897. Kumeneko anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe. Ankamanga sukulu ndi matchalitchi, n'kumalimbikitsa anthu kuvala mwaukhondo, kuphunzira ndi kudziimira paokha. Pafupi ndi mishoniyo panali minda ikuluikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, yomwe woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Pa minda imeneyo ndi ina yonga iyo anthu ankakhala pa thangata. Munthu ankayenera kugwira ntchito mwezi umodzi wolipirira malo okhalapo ndi mwezi wina wa msonkho, koma eni minda ankatalikitsa miyeziyo mmene afunira, ndipo ankaifuna nthawi ya dzinja pamene munthuyo anayenera kukhala akupalira chimanga chake. Ambiri mwa anthu amene anasenza goli limeneli anali Alomwe amene anali atangowoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Analibe mfumu yowapatsa malo, ndiye mwini munda akati uchoke, analibe kolowera. Ngati kwanu n'kwa Alomwe, mwayi ulipo waukulu kuti azigogo a mwana wanuyo anali m'gulu limeneli.

Livingstone ankatentha matchalitchi amene anthu a Chilembwe ankamanga pa minda ya Bruce. Munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Pamwamba pa zonsezi kunabwera nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1914, ndipo amuna akuno anayamba kutengedwa kukamenya ndi kukanyamula katundu. Mu Novembala chaka chimenecho Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, yodandaula kuti amphawi amene alibe kanthu pa dziko lawo lomwe akukafera nkhondo ya eni chuma n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma silinamumvere. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Anapha Livingstone ndi azungu ena awiri, ena anapita ku Blantyre kukayesa kulanda mfuti ku Mandala koma anangopeza zochepa. Akazi ndi ana a azunguwo anawatenga koma sanawapweteke. Patangopita masiku ochepa asilikali anafika ku Mbombwe, anaphulitsa tchalitchi chake chachikulu cha njerwa, ndipo otsatira ake ambiri anaphedwa, ena atazengedwa milandu mothamanga.

Chilembwe mwiniwake anathawira chakummawa kulowera kumalire a Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 apolisi anamuwombera m'boma la Mulanje. Thupi lake analibweretsa pa boma la Mulanje kuti alizindikire, kenaka analiika mobisa, popanda chizindikiro, poopa kuti anthu angamapiteko. Mwambo wa pa 15 Januwale umachitikira ku PIM ku Chiradzulu chaka chilichonse, ndipo n'koyenera, koma mwana wa ku Thyolo kapena Mulanje ayenera kudziwa kuti munthu amene nkhope yake ili pa K500 ndi K2,000 anafera kwawo konkuno ndipo anaikidwa konkuno. Tsikuli linakhala tchuthi ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, m'nthawi ya Bakili Muluzi.

Tsiku la 3 Malichi limachokera m'chaka cha 1959. Mu 1953 Britain inalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia kukhala chitaganya, anthu akuno akukana. Dr Hastings Kamuzu Banda atafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958 n'kutenga utsogoleri wa Nyasaland African Congress, dziko linatentha. M'mamawa wa pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, chipanicho chinaletsedwa, ndipo Kamuzu anagwidwa kunyumba kwake ku Limbe n'kutumizidwa kundende ya Gwelo, komwe lero kumatchedwa Gweru, ku Zimbabwe. Anthu opitirira 1,300 anatsekeredwa. Ku Nkhata Bay khamu la anthu linasonkhana padoko pofuna kuti abale awo amene anali atakwezedwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo asilikali anawaombera. Komiti ya woweruza milandu Patrick Devlin, imene Britain inatumiza kudzafufuza, inati pamenepo panafa anthu 20, ndipo dziko lonse anthu 51 pa nthawi ya chipwirikiticho. Anthu a ku Nkhata Bay amawerenga 31. Komiti yomweyo inanena poyera kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene anachititsa manyazi boma la ku London. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960.

Pali anthu ena ofera dziko amene samveka pa tsikuli, ndipo nkhani yawo inayambira kwanu komweko. Mu Ogasiti 1953, pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi zisanachitike za ku Nkhata Bay, chipolowe chinabuka ku Thyolo. Chinayambira pa munda wina wa malalanje kufupi ndi Luchenza komweko, pamene anthu amene anawaganizira kuti aba malalanje anagwidwa, mphekesera n'kufala yakuti aphedwa. Malalanjewo anali poyambira chabe. Anthu anali atatopa ndi thangata, ndi kuchepa kwa malo, ndi chitaganya chomwe chinali chitangowagwera. Anagwetsa mitengo m'misewu, anadula mawaya a telefoni, anakana kupita kuntchito, ndipo chipolowecho chinafalikira m'maboma oyandikana nawo. Pamene chinkatha anthu 11 anali atafa ndipo 72 atavulala. Thangata linatha mwalamulo mu 1962. Zimandipweteka kuti pa 3 Malichi akuluakulu amapita ku Nkhata Bay kukaika nkhata zamaluwa, zomwe n'zabwino, koma ku Thyolo tsikulo limadutsa popanda wina kutchula anthu 11 amenewa. Mafumu, mipingo ndi aphunzitsi a m'deralo angathe kufunsa okalamba amene atsala maina a anthuwa n'kuwalemba, ndipo safunika chilolezo cha ku Lilongwe kuti atero.

Inu mwina munamvako mmene tsikuli linkakhalira nthawi ya chipani chimodzi. Wailesi ya MBC inkangoika nyimbo zachisoni ndi sewero la nkhondo ya Chilembwe. Malo omwera mowa ankatseka, msika unkakhala zii, ndipo munthu akapezeka ali ndi khasu kumunda kapena akuseka mokweza pabwalo, ayufi ankamugwira kuti akunyoza boma. Azimayi ankatungiratu madzi ndi kusinjiratu dzulo lake kuti mtondo usamveke. Chisoni chokakamiza choterocho sindichifuna kuti chibwerere, chifukwa anthu ankakhala chete poopa chikwapu, pamene ambiri sankadziwa n'komwe dzina la munthu mmodzi wofera ku Nkhata Bay. Koma zimene zilipo lero, zakuti tsikuli langokhala la mpira ndi mowa, nazonso sizikuwachitira ulemu akufawo.

Tsiku la 14 Meyi ndi limene anthu amakanganirana kwambiri. Boma linkati Kamuzu anabadwa pa 14 Meyi 1906, ngakhale olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Iye ali moyo tsikuli linali la magule, mbumba itavala chirundu pa sitediyamu. Muluzi atapambana chisankho cha pa 17 Meyi 1994 tsikuli linachotsedwa, ndipo kunabwera tchuthi cha pa 14 Juni, tsiku la ufulu, chokumbukira riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene Amalawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kukana tambala wakuda. Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo konko amene anagona ku Ndata, ndiye anabwezeretsa tsiku la Kamuzu, 14 Juni n'kuzimirira pa kalendala. Apa mwana wanu aphunzirepo kuti masiku amenewa amasankhidwa ndi olamulira, ndipo wina akalowa amatha kufufuta za mnzake.

Maganizo anga ndi akuti Kamuzu sangachoke m'mbiri ya dziko lino. Anathetsa chitaganya, anayambitsa yunivesite, anasamutsira likulu ku Lilongwe, anamanga misewu. Koma mwana akauzidwa zokhazi wanamizidwa. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress Kamuzu ali kundende, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo ambiri anathawira kunja, ena kudera la Milange kutsidya kwa Muloza. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanabwezeretsa 14 Juni, chifukwa ndilo tsiku limene munthu wamba, wothyola tiyi ndi wogulitsa nthochi, anasintha dziko ndi dzanja lake popanda kutsogoleredwa ndi mfuti.

Pa 6 Julayi pali zinthu zitatu zounjikana: kufika kwa Kamuzu mu 1958, ufulu wodzilamulira mu 1964 pamene dzina la Nyasaland linasanduka Malawi, ndi kukhala lipabuliki mu 1966. Kwanuko funso limene tsikuli limadzutsa ndi la malo. Mbendera inasintha, koma minda ikuluikulu ya tiyi inatsala mmene inalili, ndipo Thyolo ndi Mulanje ndi ena mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Anthu amalima m'malo otsetsereka, pa kamunda kosakwana ekala. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja ambiri a m'maboma awiriwa kupita ku Mangochi ndi Machinga, koma vutolo silinathe. Amene amati ufulu wa 1964 sunafike pa nthaka ku Thyolo sakulakwa kwenikweni.

Tsiku la anakubala linayamba nthawi ya Kamuzu, ndipo kale linkachitika Lolemba lachiwiri la Okutobala lisanakhazikike pa 15 Okutobala, deti limene bungwe la United Nations limakumbukiranso amayi akumidzi. Limeneli ndi lanu, Mayi, ndipo ndi limodzi mwa masiku amene Amalawi analilandira ndi mtima wonse popanda wowakakamiza: mabasi amadzaza ndi ana a m'tauni atanyamula chitenje, shuga ndi sopo. Mwezi womwewo kumakhala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje, koma umenewo si tchuthi cha boma.

Masiku a chipembedzo mukuwadziwa. Lachisanu Loyera ndi lokumbukira imfa ya Yesu, Lolemba la Pasaka limatsatira tsiku la kuuka kwake, ndipo amagwa pakati pa kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Epulo. Eid al-Fitr imatseka mwezi wa Ramadan, umene Asilamu amasala kudya kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Deti lake limadalira kuoneka kwa mwezi, choncho nthawi zina limalengezedwa usiku woti mawa ndi tchuthi, ndipo chaka chilichonse limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11. Tchuthi chimenechi ndi cha aliyense, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, monga mmene Khirisimasi ilili.

Tsopano za bambowo. Tsiku la 1 Meyi linachokera ku sitalaka ya antchito a ku Chicago ku America mu 1886, amene ankafuna kuti tsiku la ntchito likhale la maola asanu ndi atatu. Kuno antchito anadzuka mwamphamvu mu Meyi 1992, sitalaka itayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre n'kufalikira malo ena, ndipo anthu ambiri anaphedwa. Malamulo a ntchito amene tili nawo lero anabwera pambuyo pa nyengo imeneyo, ndipo lalikulu pa nkhani yanuyi ndi Employment Act ya chaka cha 2000.

Lamuloli limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, ndipo limagawa ovataimu patatu. Munthu akapitiriza maola pa tsiku wamba la ntchito, ola lililonse loonjezera alipidwe kamodzi ndi theka. Akagwira pa tsiku lake lopuma, alipidwe kawiri. Akagwira pa tchuthi cha boma, ola lililonse alipidwe mosachepera kawiri malipiro a ola wamba. Tiyerekeze kuti bambowo amalandira K4,000 pa tsiku la maola asanu ndi atatu. Ndiye kuti ola limodzi ndi K500, ndipo pa 3 Malichi ola limodzi liyenera kukhala K1,000, maola asanu ndi atatu K8,000. Ndalamazi ndangoyerekeza, inu muikepo zenizeni. Masiku a tchuthi cha boma sachotsedwanso pa livi ya pachaka, yomwe ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Wolembedwa ntchito ya nyengo ya tiyi yokha nayenso ndi wantchito pamaso pa lamulo.

Pamene pamavuta ndi pa othyola, chifukwa malipiro awo amayendera makilogalamu amene awerengedwa pa sikelo. Mmene tsiku la tchuthi limawerengedwera kwa iwo zimalembedwa mu mgwirizano wa pakati pa bungwe la antchito a m'minda la PAWU ndi la eni minda la Tea Association of Malawi, umene unasainidwa koyamba mu 2016 ndipo amaukambirananso nthawi ndi nthawi. Mgwirizano wotero ungathe kupereka zoposa zimene lamulo likunena, koma sungapereke zochepa. Bambowo afunse woimira yuniyoni pa divishoni yawo kuti awaonetse zimene zalembedwa, asangodalira mawu a kapitawo.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mugule kope laling'ono, mwana wa Fomu 2 yemweyo azilembamo. Tsiku lililonse la tchuthi limene bambo ake apita kuntchito alembe deti, nthawi imene ayamba ndi imene aweruka, makilogalamu amene kalaliki wawerenga pa sikelo, ndi dzina la kapitawo wa tsikulo. Pakutha pa mwezi ayerekeze ndi kapepala ka malipiro, ndipo timapepalato muzitisunga m'pulasitiki kuti tisanyowe. Mukaona kuti tsiku la tchuthi lalipidwa ngati tsiku wamba, bambowo ayambe kufunsa ku ofesi ya malipiro pa esiteti pomwepo, chifukwa nthawi zina kumakhala kulakwitsa polemba. Zikakanika apite ndi woimira yuniyoni, ndipo zikakanikanso akadandaule ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo, kumene kudandaula n'kwaulere ndipo mkulu wa zantchito amaitanitsa mbali zonse ziwiri. Nkhani imene yalephereka kumeneko imapita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court ku Blantyre. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chakuti wadandaula za malipiro ake kapena chifukwa chokhala membala wa yuniyoni, komabe ndi bwino kuti anzawo amene anagwira nawo tsikulo apite limodzi, aliyense ndi kapepala kake.